Tinatsala pang'ono kumata nkhope ya munthu wamoyo pachiliza

Sabata ino banja lathu linatsala pang'ono kuchita chinthu chimene anthu a kwa Changata akanachikamba mpaka kwa zidzukulu. Tinatsala pang'ono kumata nkhope ya munthu wamoyo, woti akudya ndi kuseka, pachiliza cha malemu. Ndipo mmodzi mwa anthu amene analumbira kuti nkhopeyo ndi ya malemu ndine, mphunzitsi wopuma pantchito amene ndimakulangizani patsamba lino ngati ndimadziwa zonse.

Anatipulumutsa ndi mwana wophunzira za nyenyezi. Musaseke kaye, ndikufotokozerani.

Achimwene anga a Fakisoni anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo moyo wawo wonse, kuyambira kuthyola masamba mpaka kukhala kapitawo. Akazi awo, alamu anga a Enelesi, anamwalira mwana wawo Tadala akadali kumsana. Chaka chino achimwene ananena kuti asanatsatire nawonso, akufuna kumanga chiliza cha akazi awo kumudzi kwa Changata. Mmisiri wa ziliza anawauza kuti masiku ano pamwalapo amamatapo ndi chithunzi chomwe, chosafufutika ndi mvula. Vuto linayambira pamenepo. Chithunzi cha a Enelesi kulibe. Chimodzi chokha cha paukwati wawo chinadyedwa ndi chiswe m'sutikesi, kalekale, akukhala m'nyumba za pa esiteti.

Choncho Tadala sanaonepo nkhope ya mayi ake. Anakula akuuzidwa kuti wafanana nawo pamphumi, koma mphumi imene ankaifanizirayo sanaionepo.

Mwanayu anakhoza bwino sukulu, ndipo pano ali kunja kwa dziko lino kumene akuchita kafukufuku wa zakumwamba. Anabwera patchuthi chifukwa cha chilizachi. Lamulungu tinakhala pakhonde pa achimwene tikumwa thobwa, pajatu ife opemphera Loweruka tiyi timangothyola, kumwa timasiyira ena. Minda ya tiyi inali yobiriwira mpaka kutsidya, koma pakhondepo nkhope zinali zakugwa.

"Tayang'ana paliponse, mwana wanga," anatero achimwene. "Kwa abale awo, kwa anzawo, kulibe. Mayi ako kamera ankaithawa ngati jakisoni. Wojambula akangofika ndi njinga yake, iwo m'pamene amakumbukira kuti nkhuni zatha."

"Mumayang'ana chiyani, bambo?" anafunsa Tadala.

"Chithunzi cha mayi ako, nanga chiyaninso?"

"N'chifukwa chake simunachipeze. Tisiye kufuna chithunzi cha amayi. Tifune zithunzi za anthu ena, zojambulidwa pamalo pamene amayi analipo."

Ine ndinaika kapu pansi. Ndinamufunsa kuti nzeru imeneyi waitola kuti.

"Ndi ntchito yanga imeneyi, azakhali," anatero akuseka. "Ine ndimadyera za kumbuyo kwa zithunzi za eni ake."

Ndinamuuza kuti afotokoze pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa sitandade faifi. Zimene anafotokozazo zandisangalatsa sabata yonse, moti ndakhala ndikuuza aliyense, mpaka mayi wogulitsa mapeyala pamsewu amene sanandifunse n'komwe. Lero ndi tsiku lanu.

Kumaiko ena, pamwamba pa mapiri ouma kumene mitambo siibwerabwera, anthu anamanga matelesikopu akuluakulu okhala ndi makamera. Ife tikamva za telesikopu timaganiza za munthu atatsinzina diso limodzi akusuzumira nyenyezi imodzi. Awa sachita choncho. Amajambula thambo chigawo ndi chigawo, monga mmene othyola tiyi amayendera mzere ndi mzere, ndipo akamaliza amabwerera poyambira paja kudzajambulanso. Amatero zaka ndi zaka.

Eni ake a ntchitoyi ali ndi funso limodzi lalikulu. Mukudziwa chinthu chotuwa ngati utsi chija chimene chimadutsa pakati pa thambo usiku nyengo ya chilimwe? Umenewo ndi mlalang'amba wathu, khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezizo. Milalang'amba ngati umenewu ilipo yambirimbiri kutali kwambiri. Akatswiri anapeza kuti ikutalikirana, kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, ndipo liwiro la kufutukukako likuwonjezeka. Chikukankha n'chiyani? Palibe akudziwa. Kuti adziwe, akufunika mapu a milalang'amba yochuluka zedi: uwu uli pati, watalika bwanji, ukuoneka motani. Matelesikopu aja anawamangira zimenezo basi.

Koma kamera siisankha. Kuti ijambule zakutalizo, imajambulanso chilichonse chimene chili panjira: nyenyezi za mumlalang'amba wathu womwe uno, miyala ikuluikulu yoyenda mozungulira dzuwa, nyenyezi imene yangophulika dzulo. Kwa eni ake zinthu zimenezi zili ngati ana a m'mudzi amene amathamangira kukaima kumbuyo kwa akwati wojambula akafika. Zimatchinga. Amazipatula n'kuziika pambali. Koma chabwino chawo anthu amenewa n'chakuti sazitaya.

M'zopatulidwazo ndi mmene mumagwira ntchito Tadala ndi anzake, ndipo akupezamo zinthu zimene omanga matelesikopuwo sanazilote.

Iye amafufuza zimene amazitcha mitsinje ya nyenyezi. Akuti mlalang'amba wathuwu unakula pomeza timilalang'amba ting'onoting'ono timene tinayandikira. Kakayandikira, kamakokedwa mpaka nyenyezi zake kumwazika mumzere wautali wopyapyala. Ndi maso simungauone mzerewo, chifukwa nyenyezi zake zasakanikirana ndi zina zosawerengeka. Koma mukauza kompyuta kuti isankhe nyenyezi za mtundu umodzi, zoyenda molowera kumodzi, mzere uja umatulukira poyera. Umakhala umboni wa chakudya chimene mlalang'amba wathu unadya kalekale, dzuwa lathu lisanabadwe n'komwe. Ndipo mmene mzerewo wapindikira zimathandiza kuyeza kulemera kwa zinthu zosaoneka zimene zikuukoka, zomwe eni ake a kafukufuku uja amazifunanso. Wotola zotsala akubwezera mwini munda, mwaiona nkhani yake?

Mnzake wina wa Tadala amatsata miyala ija. Mwala watsopano ukaoneka, funso loyamba limakhala lakuti ukupita kuti, ndipo kodi tsiku lina sudzatigunda? Kuti adziwe njira yake afunika kudziwa kumene unali kale. Ndiye amabwerera ku zithunzi zakale zimene zinajambulidwa pofuna milalang'amba, n'kuupeza mwala uja uli pakona, kadontho chabe, utajambulidwa mwangozi pa nthawi imene panalibe wodziwa kuti ulipo.

Sizinathere pomwepo. Chifukwa chojambula malo amodzimodzi kawirikawiri, amagwira nyenyezi zimene zimawala n'kuzilala mosinthasintha, ndipo zimenezi zimathandiza kuyeza mitunda. Amagwira nyenyezi ikung'ambidwa ndi dzenje lakuda, malo aja amene mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Anapeza zimiyala za madzi oundana kuseri kwa pulaneti yomalizira pa maiko ozungulira dzuwa. Akamwaza kuwala kwa nyenyezi kukhala utawaleza, amadziwa kuti nyenyeziyo inapangidwa ndi chiyani, ndipo mwa njira imeneyi akumana ndi nyenyezi nkhalamba zenizeni, zapafupi ndi pachiyambi. Zonsezi kuchokera m'zithunzi zimene cholinga chake chinali china.

Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Awerenge nyenyezizo, sadzamaliza. Koma mayi ako si nyenyezi."

"Ayi, bambo. Koma anajambulidwa mwangozi penapake. Ndiuzeni zoti ndiwasankhire pagulu."

Achimwene anayamba kutchula. Anali wamtali. Anali wamanzere. Duku sankalichotsa. Paukwati sankakhala pampando, nthawi zonse amakhala kuseri pa ndowa ya thobwa akuthirira alendo. Tadala ankangogwedeza mutu ngati dokotala amene akumva zizindikiro za matenda.

Lolemba ndi Lachiwiri tinazungulira nyumba za mabanja a mumpingo pafupi ndi mishoni. Abale anga, m'nyumba zathumu muli chuma. Anthu anatulutsa maalubamu onunkha chinyontho, makatoni a nsapato, zithunzi zomatidwa kuseri kwa galasi pamodzi ndi kalendala ya chaka chimene palibe akuchikumbukira. Ndipo aliyense amaloza kutsogolo kwa chithunzi. "Uyu ndi mwana wanga atamaliza unesi." "Apa ndi pa ubatizo wa malemu bambo ake a ana." Tadala amavomera mwaulemu, koma maso ake ali m'mbali, kuseri kwa mapewa a anthu, pansi pa mitengo, pakhomo la khitchini.

Zithunzi za kumsonkhano wa misasa zinatilemetsa mutu. Amayi onse a mumpingo ali mu yunifolomu imodzi, maduku ofanana, ataima patali. Mmenemo ngakhale mayi ako okubala ukhoza kuwadutsa.

Lachitatu tinapita ku Thekerani, kwa nesi wina wopuma pantchito amene achimwene ankakumbukira kuti a Enelesi anakathandiza paukwati wake. Chithunzi cha ukwatiwo chinali pakhoma pabalaza. Kutsogolo abusa akugwirana chanza ndi mkwati, mkwatibwi ali pambali ndi maluwa. Kumbuyo, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali mayi wamtali wovala duku, atawerama pang'ono, akuthira thobwa m'makapu ndi dzanja lamanzere.

Achimwene anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anangoti, "Enelesi." Misozi inatsika, ndipo ine amene ndinawaona ali ouma m'maso pamaliro a bambo athu ndinalira nawo. Ndinayang'ana chithunzicho ndipo ndinawaona alamu anga ndithu, kaimidwe kawo, khosi lawo. Ndinalumbira kuti ndi iwowo. Ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiimbire mmisiri wa ziliza.

Tadala sanalire. Anafunsa mwini nyumba kuti, "Alipo wina wamoyo amene anali kuseri kumeneku tsikulo?"

Mtima wanga unakwera. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sutenga nthawi. "Iwe mwana," ndinatero, "bambo ako anakhala nyumba imodzi ndi munthu ameneyu. Ine ndinadya mbale imodzi ndi iye. Sukulu yako yakuuza kuti ife sitidziwa akufa athu?"

"Pepani azakhali, si choncho," anayankha motsitsa mawu. "Palibe amene akufuna kuti akhale amayi kuposa ine. N'chifukwa chake ndikuopa. Kuntchito kadontho kamodzi sitikakhulupirira, makamaka kakakhala kamene takhala tikukafuna. Timafuna umboni wachiwiri."

Mwini nyumba anati thobwa la paukwati wake linaphikidwa ndi a Dorofe, ndipo akadali moyo, akukhala kwa Nsabwe ndi zidzukulu. Anatibwereka chithunzicho atachikulunga m'chitenje. Ine njira yonse yobwerera sindinamuyankhule Tadala.

Lachinayi m'mawa tinakwera njinga zamoto za kabaza mpaka kwa Nsabwe. Tinawapeza a Dorofe pamkeka akusola nandolo, nkhalamba yowongoka msana, yakuthwa pakamwa. Anatilonjera m'Chilomwe, ndipo achimwene atafotokoza chimene tabwerera, anapukuta manja n'kulandira chithunzi. Anachitalikitsa, kuchiyandikitsa, kuchitembenuzira kudzuwa. Achimwene analoza mayi wa duku uja.

A Dorofe anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinayesa akulira. Anali akuseka.

"Ndiye mwakwera mapiri onsewa kudzandiuza kuti ndinafa liti? Ameneyu ndine. Duku limeneli ndinachita kubwereka kwa apongozi anga. A Fakisoni, mukufuna mundiike pamanda ndikadali kudya nandolo?"

Achimwene anayang'ana pansi. Sindinawaonepo atachita manyazi choncho, ndipo sanali manyazi okha. Munthu kuzindikira kuti nkhope ya mkazi wako yafufutika m'mutu mwako, zimapweteka. Ine zinandipweteka pa alamu anga, nanga iwo?

Koma ine sindigonja msanga. Ndinati, "Amayi, Enelesi ndi amene anali wamanzere. Taonani dzanja lili pachikhopo. Inunso ndinu amanzere?"

"Ine? Amayi anga akanalidula dzanjalo. Chibadwire sindinapatsepo munthu chakumwa ndi lamanzere. Koma nkhopeyi ndi yanga, ndiidziwa, ndakhala nayo nthawi yaitali."

Tadala anatenga chithunzi chija. Kwa masiku onsewa ankayang'ana kumbuyo kokha. Tsopano anayang'ana kutsogolo, kwa eni ake a chithunzi. Kenako nkhope yake inawala.

"Bambo, abusa awa ankapereka moni ndi dzanja liti?"

Tinaunjikana. Abusa ndi mkwati anali atagwirana chanza ndi manja amanzere, onse awiri. Abusa a mpingo, pa tsiku la ukwati, pamaso pa akuluakulu. Kwathu kuno zimenezo sizingachitike ngakhale dzanja lamanja litathyoka, munthu amayamba wapepesa.

Tadala anafotokoza kuti masiku a filimu aja, wotsuka zithunzi akaika filimu chogadamiza, chithunzi chimatuluka ngati mmene munthu amadzionera pagalasi. Kumanja kumapita kumanzere. Chithunzi chimenechi chinakhala pakhoma zaka zonsezi chili chotembenuka, ndipo palibe anazindikira. Ndiye kuti a Dorofe ankathira thobwa ndi dzanja lamanja monga mwa chizolowezi chawo. Ndiye kutinso wamanzere weniweni pachithunzipo akuoneka ngati akugwiritsa lamanja.

Ndipo analipo. M'mphepete mwenimweni, pamene pepala linayamba kuchita chikasu, panali mayi wina amene tonse tinamudumpha chifukwa chikho chinali kudzanja lolakwika. Nthambi ya mapeyala inaphimba duku lake, koma nkhope inali poyera, ikuyang'ana cham'mbali. Kumsana kwake kunali mwana, kamutu kokha kakusuzumira paphewa.

A Dorofe anaika chala pamenepo osadikira kufunsidwa. "Enelesi ndi uyu. Tinali awiri pandowa. Kamwana aka kanalira tsiku lonse, kanali kakumera mano." Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Tadala. "Ndiwe eti? Unatisowetsa mtendere iwe."

Tadala anakhala pansi pamkeka, pakati pa makoko a nandolo, chithunzi chili pamiyendo. Tinamusiya. Achimwene anagwada pambali pake. Ulendo uno sanatchule dzina, anangoika dzanja pakamwa.

Tadala atapuma, ine ndinafuna kubweza, pajatu ndinali ndi mangawa a dzulo lake. Ndinati, "Nanga umboni wachiwiri uli kuti, a dokotala?"

Anapukuta m'maso. "Dzanja ndi woyamba. Agogowa ndi wachiwiri." Kenako anadzigwira pamphumi. "Wachitatu ndauyenda nawo moyo wanga wonse."

Pobwerera anandiuza kuti ngakhale zimenezi n'za kuntchito kwawo. Nyenyezi zapafupi zija, zimene eni kafukufuku amati zikutchinga, ndi zomwezo zimene amayesera ngati kamera yawo ikunena zoona. Chifukwa amazidziwa bwino, zikaoneka zopindika amadziwa kuti chithunzi chonse chapindika. Kwa ife, abusa ndi amene anagwira ntchito imeneyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndi foni yanga m'manja tsiku lija ndinalibe kudekha ngakhale pang'ono.

Tsopano ndikufunseni, owerenga anga. Ife timatani ndi za kumbuyo kwa zithunzi zathu?

Taonani mmene timajambulira masiku ano. Foni ili ndi aliyense, zithunzi n'zambiri kuposa kale, koma chala chimathamangira kudula. Kudula azakhali amene anaima molakwika, kudula khitchini ya utsi, kudula mayi wonyamula ndowa. Mafoni ena amachita kukufufutirani kumbuyo konse kuti muoneke inu nokha, ngati munagwa kuchokera kumwamba opanda mudzi. Foni ikadzaza timafufuta zimene sitinaoneke bwino. Ukwati uja wa ku Thekerani ukanajambulidwa lero, a Enelesi akanadulidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Nanga m'maofesi akale a m'maesiteti, m'masukulu, m'mamishoni, muli zithunzi zingati zimene chiswe chikudya pompano? Anajambula fakitale yatsopano, bwana wobwera kudzayendera, munda wobiriwira woika pakalendala. Koma kumbuyo kwake kuli agogo athu atanyamula madengu, kuli phiri lisanathe mitengo, kuli mtsinje usanaphwe. Wofuna kudziwa mmene nkhalango yathu inathera, kapena mmene anthu ankavalira, kapena kumene madzi ankafika, yankho lake lili m'zithunzi zimene mwini wake ankajambula china.

Palinso aja amabwera m'midzi ndi magalimoto oyera kudzatifunsa mafunso. Amayeza ana, kuyeza zitsime, kujambula minda kuchokera m'mwamba. Akapeza yankho la funso lawo limodzi amanyamula zonse n'kupita, ndipo sitimvanso. Kodi zotsalazo zimapita kuti? Ndani amaloledwa kuziona? Mphunzitsi wa pa sekondale ya kwathu kuno atafuna kufunsa funso lake pa zomwezo, angagogode pakhomo liti?

Apa m'pamene anthu a nyenyezi andigometsa. Ambiri mwa makafukufuku akuluakuluwa, pakapita nthawi, amaika zithunzi ndi zoyeza zawo poyera kuti aliyense padziko atenge. Saopa kuti wina apezamo chimene iwo sanachione. Amachita kuyembekezera zimenezo. Tadala akuti iye telesikopu imene imamudyetsayo sanaigwirepo, sanakwerepo ngakhale phiri limene inamangidwapo. Zonse amachitira pa kompyuta. Akuti pali ntchito zina zimene anthu wamba, osapita ku yunivesite, amathandiza kusankha milalang'amba poyang'ana maonekedwe ake, ndipo ena mwa iwo anapezapo zinthu zachilendo zimene akatswiri anazidumpha.

Mukumva chimene chikundisangalatsa? Ine ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo mwana akandifunsa za nyenyezi ndinkamuuza kuti zimenezo n'za maiko olemera, ife tilibe zipangizo. Lero chipangizocho anamanga kale ena, chikujambula, ndipo chitseko anasiya chotsegula. Mwana wa kapitawo wa pa esiteti akhoza kupeza mtsinje wa nyenyezi umene munthu aliyense chilengedwere sanauone. Chimene akusowa ana athu si phiri kapena galasi lalikulu. Ndi magetsi osathimathima, intaneti yofikirika, ndi mphunzitsi wa masamu amene sanatope nawo. Kodi zimenezi n'zakumwamba kwambiri moti sitingazifike?

Ndipo musaiwale phunziro la a Dorofe. Kukhala ndi zithunzi zambiri sikokwanira. Munthu wofunitsitsa amaona chimene akufuna, ndipo akalumbira amalumbira ndi mtima woona. Safunsa anadya phula, ife tikanadyetsa mudzi wonse.

Lachisanu masana, Sabata lisanalowe, tinapita kwa mmisiri wa ziliza. Tadala anali atachijambulanso chithunzi chija bwinobwino n'kuchitembenuza pa kompyuta, moti abusa anayambanso kupereka moni mwaulemu ndipo a Enelesi anabwerera kudzanja lawo lamanzere. Nkhope yawo pachithunzipo ndi yaing'ono ngati njere ya nandolo, koma mmisiri anati itheka kuikulitsa. Anatenga pensulo n'kuzunguliza mutu ndi mapewa, kusonyeza pamene adule. Mzere wake unadutsa pakati pa mayi ndi mwana.

"Pamenepo ayi," anatero Tadala. "Mwanayo akhale."

Achimwene anapukusa mutu. "Wamoyo sakhala pachiliza, mwana wanga. Si zomwe tathawa dzulo zimenezi?"

Tadala anakulitsa chithunzicho pafoni n'kuwaonetsa chinthu chimene ine sindinachione ngakhale ndinachiyang'ana kambirimbiri. Dzanja limodzi la a Enelesi linali pachikho. Linalo linali litapita kumbuyo, litagwira kaphazi ka mwana kotulukira pansi pa mbereko.

"Mukandidula ine, bambo, dzanja lawoli likhala likugwira chiyani?"

Mmisiri anaimitsa pensulo m'mwamba, akudikira. Achimwene anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuda nkhawa ndi dzuwa. Kenako anati, "Fufutani mzerewo, amisiri. Musadule."

Choncho tsiku lotsegulira chiliza kwa Changata, pamwala paja padzakhala ndithu nkhope ya munthu wamoyo. Ulendo uno palibe amene walakwitsa.